Tifunse Yani, Tiyeze Pati? Kasankhidwe ka Anthu ndi Mbewu Pochita Kafukufuku

Phunziro la sukulu ya alimi ya pamunda. Nthawi: maola awiri ndi theka. Zofunika: kope la gulu, mapensulo, timapepala todula, chipewa, ndi thumba limodzi la chimanga cha chaka chatha.

Alimi anzanga, nyengo ino gulu lathu liyenera kugwirizana zinthu ziwiri zimene zidzadye ndalama zomwe tinasonkha. Choyamba, kodi tigule mankhwala a mbozi za ntchemberezandonda m'munda wathu wophunzirira kapena ayi? Chachiwiri, ndi mbewu iti ya chimanga imene tidzagule pamodzi chaka chamawa n'kuuzanso anzathu a m'mudzi kuti ayese? Tinapangana kuti zonsezi tiziweruza titachita kafukufuku. Vuto n'lakuti palibe amene angayang'ane chilichonse. Hekitala imodzi yobzalidwa mbewu imodzi pa phando, mizere itatalikirana masentimita 75 ndipo mapando masentimita 25, imakhala ndi mapesi oposa 53,000. Ndani angawatsegule onsewo kufuna mbozi? Ngakhale boma limawerenga munthu aliyense m'dziko muno kamodzi kokha pa zaka khumi, monga linachitira pa kalembera wa 2018 amene anapeza anthu oposa 17.5 miliyoni. Nthawi zina zonse timaona zochepa n'kuyankhula za zambiri. Zochepa zimenezo ndi zomwe akatswiri amati sampulo.

Mayi akamalawa mchere mu ndiwo samwa msuzi wonse wa mumphika. Amavundula kaye, kenaka n'kudonthezera pang'ono pachikhatho. Kadontho kaja ndi sampulo, ndipo kamanena zoona chifukwa cha kuvundula kuja. Akalawa asanavundule, pamene pangogwera mchere, adzathira madzi mu ndiwo zimene zinali bwinobwino.

Pa kafukufuku, kuvundula kwake ndi mayere. Tiyerekeze kuti m'mudzi muli mabanja 120 ndipo tikufuna kufunsa 20. Timalemba dzina la banja lililonse pa kapepala, timapinda, timaponya m'chipewa, timasakaniza, ndipo mwana amatola timapepala 20 asakuyang'ana. Banja la a mfumu ndi la agogo a kumapeto kwa mudzi ali ndi mwayi wofanana, palibe dzanja limene lakondera. A ku National Statistical Office ku Zomba akamafufuza za moyo wa m'mabanja amatsata mfundo yomweyi. Ndi njira imeneyi imene imatilola kunena molimba mtima kuti zomwe tamva kwa 20 zikuyandikira zomwe tikanamva kwa mudzi wonse.

Koma mayere amafuna mndandanda wathunthu, nthawi, ndi miyendo yokafika kulikonse kumene kapepala katituma. Kawirikawiri sitikhala nazo zonsezi, ndiye timasankha mwa njira zina zopanda mayere. Njira zimenezi si zoletsedwa. Ku koleji tinaziphunzira, ndipo akatswiri amazigwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku. Chimene tifuna kuphunzira lero ndi funso limene iliyonse ingayankhe, ndi pamene imayamba kutinamiza.

Kutenga zapafupi

Iyi ndiyo njira imene tonse timayitsata osadziwa n'komwe kuti tasankha. Timayang'ana mapesi a m'mphepete chifukwa m'kati mwa munda muli mame. Timafunsa amene tawapeza pa mjigo kapena ku chigayo. Timatapa chimanga chapamwamba pa thumba. Wogula chimanga pamsika anaidziwa kalekale nkhani imeneyi, n'chifukwa chake amapisa dzanja mpaka m'kati, ena amaboola thumba pakati ndi pansi ndi kachitsulo, podziwa kuti pamwamba pamakhala chopetedwa bwino. Munda nawo uli ndi pamwamba pake. Mizere ya m'malire imalandira dzuwa ndi mphepo mosiyana ndi ya m'kati, mbali imodzi ilibe mbewu zolimbirana nazo chakudya, ndiponso ndi imene mbuzi ndi anthu odutsa amayamba kuipeza. Ichi n'chifukwa chake pokolola mapuloti athu oyeserera timasiya mizere ya m'mbali n'kuyeza ya pakati, monga amachitira ku malo a kafukufuku ngati Chitedze, Bvumbwe ndi Makoka.

Ndikuuzeni zimene zinandichitikira ine mwini. Chaka changa choyamba pa ntchito ndinatumidwa kukaona ngati alimi a m'dera langa ayamba kubzala mbewu imodzi pa phando. Inali Januwale, mtsinje unali utadzaza, ndipo lipoti linkafunika Lachisanu. Ndinayenda pa njinga m'midzi ya m'mbali mwa msewu. Ndikafika kwa a mfumu, iwo ankandiitanira anthu apafupi, ambiri a iwo a m'kalabu, ndipo ankanditengera ku minda yooneka bwino. Ndinabwerera nditasangalala, n'kulemba kuti dera lonse lagwira ulangizi. Pogawa minda yachitsanzo ya chaka chotsatira, dera langa silinapatsidwe, poti lipoti langa lomwe linati kulibe vuto. Mvula itatha ndinawoloka mtsinje uja. Tsidya lija ndinayenda tsiku lathunthu ndikuona mapesi atatuatatu pa phando, monga ankabzalira makolo. Bambo wina anandifunsa mwaulemu ngati ndinali mlangizi watsopano, pamene ndinali nditatha miyezi yambiri pa ntchito. Palibe amene anandinamiza. Zonse ndinalemba ndinaziona ndi maso angawa. Kulakwa kwanga kunali kulemba mawu akuti dera lonse, m'malo molemba kuti midzi isanu ya m'mbali mwa msewu.

Si ine ndekha. Katswiri wa za chitukuko cha kumidzi wa ku Britain, Robert Chambers, analemba za khalidwe limeneli m'buku lake la mu 1983 lotchedwa Rural Development: Putting the Last First. Anaonetsa kuti alendo a zachitukuko amakonda kuyenda m'misewu ya phula, m'nyengo ya chilimwe, ndipo amakumana kwambiri ndi abambo, atsogoleri ndi anthu amene ali kale m'mapulojekiti. Osaukitsitsa, odwala ndi okhala kutali saoneka.

Komabe njira yotenga zapafupi ili ndi ntchito yake. Ngati tikufuna kuyesa mafunso athu kuti tione ngati akumveka tisanapite nawo m'mudzi, tikhoza kufunsa aliyense amene ali pafupi. Ngati funso n'lakuti kodi mbozi yafika kale kuno, phesi limodzi la m'mphepete lokhala ndi mbozi layankha kuti inde. Chimene silingatiuze n'chakuti yafika yochuluka bwanji.

Amene abwera okha

M'bale wake wa njira yoyambayi ndi kufunsa amene adzipereka okha: obwera ku msonkhano, obwera ku tsiku la chionetsero, oyimba foni pa pulogalamu ya pa wailesi. Taganizani amene sabwera. Mayi amene akudwazika, mnyamata amene wapita ku ganyu, ndi uja amene mbewu yatsopano inamukanika ndipo akuchita manyazi kuti anene pagulu. Ife tikafunsa obwerawo kuti mbewuyi mwaiona bwanji, timamva kuwomba m'manja kokhakokha.

Wina anganene kuti mankhwala ake n'kufunsa anthu ambiri. Si choncho, ndipo chitsanzo chodziwika kwambiri chinachitika ku America pa chisankho cha pulezidenti cha mu 1936. Magazini ya Literary Digest inatumiza makalata pafupifupi 10 miliyoni kufunsa anthu amene adzamuvotere pakati pa Franklin Roosevelt ndi Alf Landon. Mayina ambiri inawatenga m'mabuku a manambala a telefoni ndi m'kaundula wa eni magalimoto, pa nthawi imene chuma cha dzikolo chinali chitagwa ndipo osauka ambiri analibe zinthu zimenezi. Anayankha anali oposa 2 miliyoni, okhawo amene anafuna kuyankha. Magaziniyo inalengeza kuti Landon apambana. Roosevelt anapambana m'zigawo 46 mwa zigawo 48. Munthu wina wochita kafukufuku, George Gallup, anafunsa anthu ochepa kwambiri poyerekeza ndi magaziniyo, koma analosera bwino kuti Roosevelt ndiye apambane. Mphika wosavundula, ngakhale mulawe chikho chathunthu, sukuuzani za mchere wa pansi.

Kusankha mwadala

Apa timasankha ndi cholinga, tikudziwa chimene tikufuna. Tikaona masamba a chinangwa akukwinyika, sitichita mayere. Timazula chodwalacho n'kupita nacho kwa mlangizi kapena ku chipatala cha mbewu. Tikafuna kudziwa mmene dambo lathu linkasungira madzi kale, timapita kwa agogo amene analimamo zaka zambiri, osati kwa aliyense. Tikafuna kudziwa chifukwa chake ena anasiya ulimi wa mtayakhasu, timafunafuna amene anasiyawo. Pa mafunso oyamba ndi mawu akuti chifukwa chiyani kapena zimatheka bwanji, njira imeneyi ine ndimaikonda kuposa mayere, chifukwa mayere akhoza kukutolerani anthu 20 amene sanayambe ayesapo n'komwe chinthucho.

Pamene imapweteka ndi pa funso lakuti zingati. Posankha mbewu yosunga ya chimanga cha makolo timatenga chikuluchikulu, chodzadza bwino, ndipo timachita bwino kutero. Koma dzanja lomwelo likamatola chimanga choti tiyezere zokolola za puloti, limapitanso ku chikuluchikulu, ndiye tidzawerengera matumba amene sadzalowa m'nkhokwe. N'chimodzimodzi potenga dothi lokayezetsa: wotapa pa chulu kapena pamene panali khola amalandira zotsatira zabwino za malo amene si munda wake. Mukaona munda wachitsanzo wa ogulitsa mbewu m'mbali mwa msewu, wobiriwira n'kukhala ndi chikwangwani, kumbukirani kuti malowo ndi mlimiyo anasankhidwa mwadala. Mundawo ukutionetsa zimene mbewuyo ingachite ikapeza zonse. Zimene ingachite pa mchenga wa kumtunda kwathu, feteleza ali thumba limodzi, tiyenera kuyesa tokha.

Kugawa chiwerengero

Njira iyi imayesa kukonza vuto la kukondera pogawiratu malo. Tiyerekeze kuti m'mudzi mwathu mabanja atatu pa khumi aliwonse amayendetsedwa ndi amayi. Ndiye pa mabanja 20 ofunsidwa timagwirizana kuti 6 akhale otero. Tikhozanso kugawa kuti ena akhale a kumtunda, ena a kudambo, ena achinyamata. Izi n'zabwino kuposa kungotenga zapafupi, ndipo pa gulu ngati lathu ndi njira yotheka. Koma mpata wa kukondera umatsalabe, chifukwa wofunsa ndi amene amasankha kuti amayi 6 aja akhale ati, ndipo miyendo imamutengera kwa amene amadziwana nawo, a nyumba za malata zapafupi. Gallup yemwe uja ankagwiritsa ntchito njira imeneyi, ndipo pa chisankho cha mu 1948 analosera kuti Thomas Dewey apambana, koma anapambana ndi Harry Truman. Ngati tagawa chiwerengero, tiyesetse kuti m'kati mwa gawo lililonse tichitemo mayere, ngakhale a timapepala tochepa.

Kulozerana

M'mabuku a Chingerezi amaitcha snowball, dzina lochokera ku mayiko ozizira. Kwathu kuno tingoti kulozerana. Imathandiza pamene anthu amene tikuwafuna ndi ochepa ndipo palibe kaundula wawo. Mwezi watha ena mwa inu munati tifufuze mbewu zakale, nzama, mawere ndi mapira, kuti tiyese kuchulukitsa. A mfumu alibe mndandanda wa osunga nzama. Koma mukapeza mayi mmodzi amene ali nazo mu msuko, adzakuuzani amene anamupatsa, ndipo uyo adzakulozerani wina. Safunsa anadya phula. Chenjezo lake n'lakuti munthu amalozera m'bale wake, mnzake wa ku mpingo kapena wa ku banki m'khonde, ndiye mukhoza kuzungulira m'banja limodzi n'kupeza mtundu umodzi wokha wa nzama, pamene mbali ina ya mudzi kuli mitundu ina. Choncho muyambire kwa anthu atatu kapena anayi osadziwana kwenikweni, a mbali zosiyana za mudzi. Ndipo musalembe dzina la munthu wolozeredwa m'kope la gulu iye asanavomere. Pa mbewu sizivuta, koma tsiku lina tidzafufuza za ngongole kapena za amene anagulitsa chimanga chisanakhwime, ndipo nkhani zotero munthu safuna ziwerengedwe pagulu.

Nanga kayendedwe kathu ka W?

Mbozi ya ntchemberezandonda imene ikutivutayi inachokera ku America ndipo inaoneka mu Africa mu 2016. Pofika Disembala 2017 boma linalengeza kuti maboma 20 a dziko lino ali pa ngozi chifukwa cha mboziyi. Kuyambira pamenepo alangizi takhala tikuphunzitsa kuzonda munda poyenda mokhotakhota ngati chilembo cha W, kuima malo asanu, ndi kuyang'ana mapesi khumi pa malo aliwonse, onse pamodzi 50. Kunena zoona, amenewa si mayere enieni. Ndi njira yokakamiza miyendo kuti ilowe m'kati mwa munda ndi kufika mbali zonse. Imagwira ntchito pokhapokha maso asaloledwe kusankha. Diso limathamangira phesi lobooka masamba, ndipo munthu akaima pamene waona kuwonongeka, W yake yasanduka kusankha mwadala. Lamulo lathu likhale ili: tisiye mizere ya m'malire, tigwirizane kuchuluka kwa masitepe tisanalowe, ndipo pamene sitepe yomaliza yathera tiyambire pomwepo kuwerenga mapesi khumi otsatizana mu mzere, abwino ndi oipa omwe, osadumphapo.

Kuwerengera kwake n'kosavuta. Mapesi ogwidwa mwa 50 aja tikawachulukitsa kawiri timapeza ogwidwa pa 100 aliwonse. Akakhala 8, ndiye kuti 16 pa 100. Koma tiyerekeze munthu amene waima pa ngodya yowonongeka, wayang'ana mapesi khumi n'kupeza 6 ogwidwa. Iye abwera akuthamanga kuti 60 pa 100, tigule mankhwala lero lomwe. Munda ndi womwewo, tsiku ndi lomwelo. Tikamumvera, ndalama za gulu zapita, ndipo tapha nyerere, mavu ndi akangaude amene amatithandiza kudya mbozi. Zikhozanso kuchitika mosemphana: woyenda m'mbali yabwino n'kunena kuti kulibe vuto pamene pakati pa munda pakutha.

Zochita lero

Tigawikane magulu atatu, amayi ndi abambo mosakanikirana. Gulu loyamba liyang'ane mapesi 50 likuyenda m'kanjira ka m'mphepete mwa munda, osalowa m'kati. Gulu lachiwiri lilowe n'kusankha mapesi 50 alionse amene lafuna. Gulu lachitatu liyende W motsata lamulo lija. Phesi tiliwerenge kuti lagwidwa ngati lili ndi mbozi, mazira, mabowo atsopano kapena ndowe za mbozi zooneka ngati utuchi m'kati mwa nsonga, momwe mumatulukira masamba atsopano. Magulu asauzane zomwe apeza mpaka tonse titakhala pansi pa mtengo. Kenaka tilembe manambala atatuwo pa pepala lalikulu n'kukambirana: akusiyana bwanji, ndipo n'chifukwa chiyani? A gulu lachiwiri atiuze moona mtima chimene chinkawakokera ku phesi lililonse. Pa nkhani ya mankhwala tigwiritsa ntchito nambala ya gulu lachitatu, pamodzi ndi msinkhu wa chimanga, kukula kwa mbozi, ndi tizilombo tothandiza timene taona.

Tikatha apo, titsegule thumba lija. Titape maso a chimanga 100 pamwamba, 100 pakati ndi 100 pansi, n'kuwerenga oboledwa ndi anankafumbwe pa mulu uliwonse.

Kalembedwe m'kope la gulu

A mlembi, apa ndi panu, koma tonse tithandizane. Pa kafukufuku aliyense kuyambira lero, tisanalembe zomwe tapeza tizilemba kaye kuti tinafunsa angati, tinawapeza bwanji, ndipo ndani amene sitinawafikire. Mzere wachitatuwu ndi umene anthu amauthawa, koma ndi umene ukanandipulumutsa ine chaka chija. Mawu a chigamulo nawo asapitirire pamene sampulo yafika. Tisalembe kuti alimi a m'mudzi muno akonda mbewu ya mu puloti yachiwiri. Tilembe kuti mwa alimi 14 amene anabwera ku chionetsero, 10 anakonda ya mu puloti yachiwiri, ndipo amene sanabwere sitinawafunse. Chiganizo chachiwirichi n'chachitali ndipo sichikoma kuwerenga pamaso pa alendo, koma chaka chamawa, ena a ife titaiwala, ndi chimene chidzatiuze kuti a tsidya la mtsinje sanamvedwe.

Mafunso omwewa muli ndi ufulu wofunsa aliyense wobwera ndi manambala, kaya ndi wa bungwe, wogulitsa mbewu kapena ine mlangizi wanu. Akati alimi ambiri aikonda, mufunseni mwaulemu kuti, bambo, munafunsa alimi angati, a kuti, ndipo munawapeza bwanji?

Sabata yamawa tiyamba kufunsa mabanja za mbewu imene angafune chaka chamawa. Poti pa funso limeneli mndandanda ulipo, tichita mayere, koma titagawa kaye mudzi pawiri, tsidya lino ndi tsidya lija, kuti mbali zonse zitolepo mabanja khumikhumi. A tcheyamani akapemphe chilolezo kwa a mfumu, ndipo a mlembi abwere ndi mayina a mabanja onse atalembedwa kale pa timapepala. Banja limene latoledwa tikalipeza palibe munthu, tisalowe nyumba yoyandikana nayo. Tidzabwerenso madzulo kapena mawa lake. Amene adzagwere tsidya lija abwere ndi jombo, ndipo tidzayamba 7 koloko m'mawa madzi asanakwere.